Kodi ku America amaidziwa bwanji tornado isanafike, ndipo ife a kunyanja tingatolepo chiyani?

Mlimi_wa_Lifuwu
Moni nonse a pa gulu lino. Pa Facebook pamayenda mapu a dziko la America opakidwa mitundu yosiyanasiyana, pena pobiriwira, pena pachikasu, pena pofiira, ndipo amati mitunduyo ikusonyeza madera a Oklahoma, Kansas ndi Texas kumene kungagwe mvula yamkuntho, matalala kapena tornado (kamvuluvulu wamphamvu wotsika kuchokera mu mtambo) mawa lake. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti amajambula mzere n'kunena kuti choopsa chili mkati mwa mzerewu, pamene kunja kwake n'kochepa. Kuno kwathu dzinja likayamba, uthenga umene umatipeza kawirikawiri ndi wakuti kugwa mvula ya mabingu m'madera a m'mphepete mwa nyanja, chikhalirecho mphepete mwa nyanja n'kuyambira ku Karonga mpaka ku Mangochi. Munthu amene akufuna kuthira feteleza lero, kapena amene akukankhira boti m'madzi madzulo ano, sapindula nazo kwenikweni. Ndikupempha odziwa atifotokozere mmene anzathuwo amachitira, ndiponso ngati zimenezi n'zotheka kuno.

Mphunzitsi_wa_Chipoka
Bambo a ku Lifuwu, mapu amenewo amatuluka ku ofesi imodzi yotchedwa Storm Prediction Center, imene ili mu mzinda wa Norman ku Oklahoma. Ntchito ya ofesiyi si kulosera mvula wamba. Pa mapuwa iwo amasaka makamaka zinthu zitatu: tornado, matalala a masentimita 2.5 kapena kuposerapo, ndi mphepo yothamanga makilomita 93 pa ola kapena kuposerapo. Chiopsezocho amachiika pa makwerero asanu, kuyambira mtundu wobiriwira, wachikasu, wa olenji, wofiira, mpaka wa pinki, ndipo khwerero lachisanulo salifika mwachisawawa, moti pali zaka zina zimene zimatha osalilengeza ngakhale kamodzi. Amayang'ana kutsogolo mpaka masiku 8, koma mapu a tsiku lenilenilo amawakonzanso kasanu pa tsiku pamene zinthu zikusintha.

Mzere umene mukuuonawo sutanthauza kuti aliyense wa mkatimo aona tornado. Akalemba 10 peresenti, akutanthauza kuti pali kuthekera kwa 10 pa 100 koti tornado idutse pa mtunda wosapitirira makilomita 40 kuchokera pamene munthu waima. Makilomita 40 ndi pafupifupi ulendo wochoka pa boma la Salima kukafika ku Senga Bay n'kubwereranso. Choncho nawonso sanena kuti mudzi wakuti ugwetsedwa. Amangochepetsa dera, n'kunena poyera kukula kwa chikayiko chawo.

Kaombe_Mtsinje
Ngati ndi 10 pa 100, ndiye kuti 90 pa 100 sipachitika kanthu. Ulosi wotere ungamuthandize bwanji munthu?

Mphunzitsi_wa_Chipoka
A Kaombe, pa tsiku wamba kuthekera koteroko kumakhala kochepa kwambiri, ngakhale m'madera amene matornado amachuluka. Chikakwera kufika pa 10 peresenti ndiye kuti tsikulo lasiyana kutali ndi masiku ena, ndipo chimene chili pachiswe ndi moyo wa banja lonse. Palibe kholo limene lingalole mwana kuwoloka Linthipe litauzidwa kuti pa ana 10 aliwonse mmodzi akokoloka.

Wa_ku_Linga
Ine kwathu ndi ku Nkhotakota koma ndikukhala ku Oklahoma City, ndiye ndiwonjezere pa zimene aphunzitsi anena. Mapuwo ndi chiyambi chabe cha unyolo. M'mawa timaona mtundu wa tsikulo. Masana, nyengo ikayamba kukhwima, ofesi ya ku Norman imatulutsa chenjezo loyamba lotchedwa watch, limene limakuta dera lalikulu kwa maola angapo, ndipo tanthauzo lake n'lakuti khalani tcheru, dziwani kumene muthawire. Kenaka mtambo ukayamba kuzungulira pa radar (chida choona zimene zikuchitika mkati mwa mitambo), kapena munthu wophunzitsidwa akaiona tornado ndi maso, ofesi ya zanyengo ya m'deralo imatulutsa chenjezo lachiwiri lotchedwa warning, limene limakuta kadera kakang'ono kwa mphindi zowerengeka. Apo ndiye foni iliyonse imalira yokha, masayirini a m'misewu amalira, ndipo wayilesi za kanema zimasiya mapulogalamu onse. Masayirini a mu mzinda uno amawayesa Loweruka lililonse 12 koloko masana kunja kukakhala bwino, kotero kuti ngakhale mwana wa sukulu ya mkaka amawadziwa. Nyumba zambiri zili ndi kachipinda ka pansi pa nthaka, kena kokumbidwa m'galaja momwemo. Nthawi imene chenjezo lachiwirili limapereka tornado isanafike imakhala mphindi 10 mpaka 15 kawirikawiri. N'zochepa, koma zimakwana chifukwa munthu amakhala atayamba kukonzeka kuyambira m'mawa.

Mayi_wa_ku_Benga
Achimwene a ku Linga, chifukwa chiyani zinthu zimenezi zimakonda kumeneko? Ifenso tili pa chigwa, kutentha kulipo, madzi a nyanja ali pafupi, koma sitinamvepo kuti tauni yonse yaphwasuka ndi kamvuluvulu.

Wophunzira_Zanyengo
Mayi a ku Benga, funso lanu ndi limene lili pa mtima pa nkhani yonseyi. Dziko la America limaona matornado oposa 1,000 pa chaka, kuposa dziko lina lililonse, ndipo chifukwa chake ndi mmene nthaka yakhalira. Kum'mwera kuli nyanja yofunda ya Gulf of Mexico imene imatumiza mpweya wachinyontho kumpoto, kumadzulo kuli mapiri a Rocky ndi zipululu zimene zimatumiza mpweya wotentha ndi wouma, ndipo kumpoto kumachokera mpweya wozizira wa ku Canada. Pakati pa zonsezi pali chigwa chachikulu chopanda phiri lotchinga. M'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni mipweya imeneyi imakumana.

Wolosera amayang'ana zinthu zinayi. Choyamba ndi chinyontho cha pafupi ndi nthaka. Chachiwiri ndi mphamvu imene mpweya wofunda uli nayo yokwerera kumwamba, imene imakula ngati kumwambako kwazizira kwambiri. Chachitatu ndi chinthu choti chiukankhe mpweyawo kuti uyambe kukwera, monga malire a mpweya wouma ndi wachinyontho amene amadutsa kumadzulo kwa Texas ndi Oklahoma. Chachinayi, chimene chimalekanitsa iwo ndi ife, ndi kusiyana kwa mphepo ya pansi ndi ya kumwamba. Kumeneko mphepo ya pansi imatha kuchokera kum'mwera pamene ya kumwamba ikuchokera kumadzulo mothamanga kwambiri, ndipo kusiyanaku kumaupotoza mtambo kuti uyambe kuzungulira. Mtambo wozungulira umakhala maola ambiri osafa, chifukwa mvula yake imagwera pambali osazimitsa mpweya umene ukukwera, ndipo matornado amphamvu amabadwa mu mtambo wotere.

Palinso chinthu china chimene chimawasowetsa tulo olosera. Mpweya wotentha wa kuchipululu uja umayala pamwamba pa wachinyontho ngati chivundikiro pa mphika umene ukuwira. Chivundikirocho chikalimba, tsiku limatha dzuwa likuswa mtengo ngakhale mapu anali ofiira. Chikabooka pamalo amodzi, mphamvu yonse imatulukira pomwepo ndipo mtambo umakula m'mphindi zochepa. Kuti adziwe kulimba kwake amaulutsa mabaluni onyamula zida zoyezera kawiri pa tsiku, nthawi zina n'kuwonjezera lachitatu pa tsiku loopsa.

Kuno kwathu zitatu zoyambazo tili nazo zochuluka kuyambira Novembala mpaka Malichi, makamaka mpweya wachinyontho wa ku Congo ukalowa, ndipo zitunda za ku Dowa, Ntchisi ndi Dedza pamodzi ndi kamphepo ka kunyanja zimathandiza kuukankha mpweya. Koma tili kufupi ndi equator, kumene mphepo ya kumwamba m'dzinja imakhala yofooka, ndiye mitambo yathu imakula msanga, kukhuthula mvula, n'kufa pasanathe nthawi yaitali. Ku South Africa, kumene kuli kutali ndi equator, matornado amphamvu amachitika, monga ija inaononga ku Tongaat mu Juni 2024.

Msodzi_wa_Senga
Aphunzitsi ndi a sukulu mwafotokoza bwino, koma musanene kuti kuno kulibe. Ife timaona ndi maso athu mtambo utatsitsa mchira mpaka kukhudza madzi, madziwo n'kumazungulira. Alendo amasokoneza chinthu chimenechi ndi nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja n'kukwera ngati utsi, koma msodzi sangasokoneze, chifukwa nkhungu siikhala ndi mtambo wakuda pamwamba pake.

Wophunzira_Zanyengo
Mukunena zoona bambo, chimenecho chimachitikadi pa nyanja zamadzi ofunda, ndipo chingathe kugubuduza bwato. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi zambiri chimayambira pamadzi pansi pa mtambo umene ukungokula kumene, chimakhala chofooka poyerekeza ndi tornado ya mtambo wozungulira, ndipo chikafika kumtunda chimatha msanga. Chimene chimasasula madenga ambiri kuno ndi china: mtambo ukakhwima, mpweya wozizira umagwa pansi mwamphamvu pamodzi ndi mvula, ukamenya nthaka n'kumwazika mbali zonse. Mukapita pamalo pamene padutsa mphepo yotere mudzaona mitengo ndi chimanga zitagwera mbali imodzi, pamene tornado imasiya zinthu zitapotokola ndi kumwazikana mosalongosoka. Katswiri amene anaufotokoza bwino mpweya wogwa pansiwu ndi Ted Fujita wa ku University of Chicago, yemweyo amene mu 1971 anakonza muyeso woyezera mphamvu ya tornado poona zimene yaononga. Muyesowo unakonzedwanso ndi akatswiri ena mu 2007, ndipo khwerero lake lapamwamba, EF5, ndi la mphepo yoposa makilomita 320 pa ola.

Mmisiri_wa_Kamuzu_Road
Pa nkhani ya madenga ndiloleni ndilankhule monga womanga. Madenga ambiri amene amasasuka kuno sasasuka chifukwa mphepo inali yoopsa kwambiri, koma chifukwa cha mamangidwe. Mwini nyumba amagula malata opyapyala, amachepetsa misomali, ndipo matabwa a denga amangowakhazika pa khoma osawamangirira ndi waya wochokera pansi pa lintala. Mphepo ikalowa pa khonde lalitali kapena pa zenera lotsegula imalinyamula dengalo kuchokera pansi, ndipo limachoka lonse lathunthu pamodzi ndi matabwa ake. Midadada ya sukulu ndi matchalitchi ndiye imavutika kwambiri popeza denga lake ndi lalitali ndipo imamangidwa pa mtetete. Waya wa ndalama zochepa, womangidwa bwino pa thabwa lililonse, amapulumutsa denga la ndalama zambiri.

Mayi_wa_ku_Benga
Ndipo mitengo tinaitha. Kale mudzi unkakhala mkati mwa mitengo ya mango, misangu ndi nsungwi, mphepo inkafika itatopa. Lero kuchokera kudambo mpaka pakhomo palibe choitchinga.

Kaombe_Mtsinje
Mayi, mtengo womwewo ukakhala pafupi kwambiri ndi nyumba umagwera denga, makamaka bulugama. Mitengo yotchinga mphepo iyenera kudzalidwa chapatali, mu mzere, kumbali imene mphepo imachokera.

Mlimi_wa_Lifuwu
Zamadenga ndi mitengo n'zofunika, koma tibwerere ku funso la ulosi. A ku Linga, kodi machenjezo a kumeneko saphonya? Ngati amaphonya, anthu satopa nawo?

Wa_ku_Linga
Amaphonya, ndipo kwambiri. Pa machenjezo 10 aliwonse a tornado, pafupifupi 7 amatha tornado isanaoneke, chifukwa radar imaona kuzungulira mu mtambo koma si mtambo uliwonse wozungulira umene umatsitsa tornado pansi. Olosera anasankha dala kuchenjeza mopitirira kusiyana n'kuti aphonye imodzi yoopsa. Kutopa nako kulipo. Pa 22 Meyi 2011 tornado inapha anthu oposa 150 mu mzinda wa Joplin ku Missouri ngakhale chenjezo linaperekedwa, ndipo kafukufuku wa nthambi ya zanyengo ya dzikolo anapeza kuti anthu ambiri atamva sayirini sanathawe nthawi yomweyo, anayamba afuna umboni wina, kusuzumira panja kapena kuyatsa kanema, chifukwa anazolowera kumva sayirini popanda chochitika. Kuchokera pamenepo anasintha kalembedwe ka machenjezo kuti azinena momveka kukula kwa chionongeko chimene chikuyembekezeka. Komanso chenjezo palokha silipulumutsa ngati palibe kothawira. Pa 20 Meyi 2013 ku Moore, kufupi ndi kuno, chenjezo linatuluka mphindi 16 tornado isanatsike, komabe anthu 24 anamwalira, ena mwa iwo ana 7 pa sukulu ya pulayimale imene inalibe chipinda chothawiramo.

Msodzi_wa_Senga
Apa ndiye pali vuto limene anthu a kumtunda salimvetsa. Munthu wa ku Oklahoma akathawira pansi pa nthaka kwa theka la ola pachabe, wataya theka la ola. Ife tikauzidwa kuti tisalowe m'madzi, tataya usiku wonse. Mwini chilimira wagula kale mafuta a injini, alovi onse akudikira gawo lawo, amayi ogula usipa abwera ndi mabeseni m'mawa. Nyanja ikagona bata usiku umenewo, anzathu amene ananyozera chenjezo n'kubwera ndi usipa wodzadza boti, mawa lake palibe amene adzamverenso. Machenjezo a mwera timawamvera chifukwa mwera sunama, ukanenedwa umafikadi ndipo umakhala masiku. Chimene chimatipha ndi chimvula cha usiku chimene chimabadwira pakati pa nyanja nyenyezi zikuoneka kumtunda.

Gogo_wa_ku_Chia
Ana anga, makolo athu analibe radar koma ankadziwa. Ankayang'ana kumene mphezi ikung'anima madzulo, ankamva kusintha kwa mpoto, ankaona mafunde akayamba kubwera popanda mphepo. Achinyamata a lero amadalira injini, amati tithawa, ndiye amapita kutali kumene bwato la nkhafi silinkafika.

Wophunzira_Zanyengo
Agogo, zizindikiro zimenezo n'zenizeni ndipo siziyenera kutayidwa. Mafunde obwera popanda mphepo amasonyezadi kuti kwinakwake mphepo yayamba kale, ndipo kamphepo kozizira kobwera mwadzidzidzi ndi mpweya uja wagwa kuchokera mu mtambo, kutanthauza kuti chimphepo chili pafupi. Ngakhale ku America radar sinachotse maso a munthu, n'chifukwa chake amaphunzitsa anthu wamba kuyang'ana mitambo ndi kuimba foni ku ofesi. Malire a maso ndi akuti amaona pafupi pokha, ndipo usiku amaona mphezi yokha.

Zimene bambo a ku Senga anena zili ndi chifukwa chake. Mwera umabwera ndi mpweya wa dera lalikulu wochokera kum'mwera chakum'mawa, ndiye makompyuta amauona masiku angapo usanafike. Mvula ya mabingu ndi kanthu kakang'ono pa mapu, ka makilomita 10 kapena 20, kamene kamabadwa ndi kufa m'maola ochepa. Usiku nthaka imazizira msanga kuposa madzi, mphepo imatsika kuchokera kumapiri a mbali zonse ziwiri za nyanja n'kukakumana pakati pa madzi ofunda, ndipo mitambo imakulira pomwepo. Pa nyanja ya Victoria zimenezi n'zodziwika kwambiri, ndipo kumeneko anayesa njira yoika mbendera za mitundu ndi zikwangwani pa madooko kuti msodzi aone chiopsezo cha tsikulo asananyamuke.

Kaombe_Mtsinje
Zonsezi zikufuna ndalama. America ili ndi maradar pafupifupi 160. Ife tingayambire pati?

Mphunzitsi_wa_Chipoka
A Kaombe, ulosi woyamba wa tornado umene unakwaniritsidwa sunachitike ndi radar za masiku ano. Pa 20 Malichi 1948 tornado inaononga ndege pa bwalo la asilikali la Tinker ku Oklahoma. Akuluakulu awiri a zanyengo pa bwalopo, Ernest Fawbush ndi Robert Miller, anakhala pansi n'kufufuza mapu a masiku amene matornado anachitikapo kale, ndipo pa 25 Malichi ataona kuti nyengo yafanana ndi ya tsiku lija anachenjeza. Madzulo omwewo tornado inagundanso bwalolo, koma anthu anali atabisala ndipo ndege zina zinali zitalowetsedwa m'nyumba zake. Chida chawo chachikulu chinali kaundula wa zimene zinachitika kale. Ife kaundula wotere tingayambe lero. Komiti ya pa dooko lililonse ndi mphunzitsi wamkulu wa sukulu iliyonse atamalemba tsiku, ola, kumene mphepo inachokera ndi zimene inaononga, n'kumatumiza kwa a zanyengo, m'zaka zochepa olosera angadziwe malo ndi maola amene chiopsezo chimachuluka.

Wophunzira_Zanyengo
Ndiwonjezere kuti kumwamba tili kale ndi diso limene sitinalipire. Masatelayiti a Meteosat a ku Ulaya amayang'ana Africa yense usana ndi usiku, ndipo imodzi imene inaulutsidwa mu Disembala 2022 imajambula mphindi 10 zilizonse komanso ili ndi chida choona mphezi. Siingaone kuzungulira kwa mkati mwa mtambo monga radar, koma imaonetsa mtambo umene ukukula msanga ndi kumene ukulowera, zimene n'zokwanira kuchenjeza dera ngati la Salima ndi Nkhotakota ola limodzi kapena awiri chimvula chisanafike. Ndipo aliyense angathe kuyeza yekha kutalika kwa mphezi: werengani masekondi kuchokera pamene yang'anima kufika pamene bingu lamveka, masekondi atatu aliwonse ndi kilomita imodzi. Akachepera 30, mphezi ingathe kufika pamene mulipo, ndipo pansi pa mtengo, pa bwalo la mpira, m'munda wa mpunga ndi m'bwato ndi malo oyenera kuchokapo.

Mlimi_wa_Lifuwu
Ndiye chimene ndikutolapo ine n'chakuti tingapemphe uthenga wa makwerero, wonena boma ndi maola, m'malo mwa uthenga umodzi wa nyanja yonse. Tsiku la chiopsezo chochepa linenedwe kuti n'lochepa, kuti tsiku lofiira likafika anthu alisiyanitse.

Mayi_wa_ku_Benga
Ndikugwirizana nazo, koma uthengawo uzibwera m'Chichewa chomveka, pa wayilesi za m'madera monga ya Nkhotakota ndi ya Chisomo, osati pa intaneti pokha. Amayi ambiri amene amayanika usipa ndi kutumiza ana kusukulu alibe foni za WhatsApp.

Kaombe_Mtsinje
Nanga mbendera yofiira ikakwezedwa pa dooko, wina n'kulowabe m'madzi, alipitsidwe chindapusa? Ine ndikuona kuti popanda chilango palibe amene adzamvere.

Gogo_wa_ku_Chia
Ku chilumba cha Mbenje anthu amamvera lamulo la mfumu lotseka usodzi m'dzinja, ndipo akhala akulimvera kwa zaka zambiri. Lamulo likachokera kwa eni ake limagwira.

Msodzi_wa_Senga
Agogo, la ku Mbenje limagwira chifukwa limatseka aliyense nthawi imodzi ndipo tsiku lotsegulira limadziwika. Za chindapusa ine sindikugwirizana nazo, chifukwa ulosi umene ungaphonye sungakhale maziko olipitsira munthu wosauka. Chimene chingatithandize ndi mitundu itatu yokha. Wobiriwira tipite monga mwa masiku onse. Wachikasu tipite koma tisatalikire, maboti aziyenda moonana, ndipo aliyense avale jekete yoyandamitsa. Wofiira mwini chilimira adziwe kuti akatumiza alovi, mlandu wa moyo wawo uli pa iye pamaso pa komiti ndi mfumu. Ndipo uthengawo uzifika pa dooko isanakwane 3 koloko masana, mafuta asanagulidwe, chifukwa ukafika 7 koloko usiku umatipeza tili kale kuseri kwa zilumba za Maleri kumene netiweki imadukaduka.

Wophunzira_Zanyengo
Bambo, 3 koloko n'zotheka pa mtundu wa tsikulo, koma chenjezo la mtambo weniweni umene wabadwa pakati pa usiku silingatuluke masana. Pamenepo pafunika munthu mmodzi wotsala kumtunda ndi foni yoyaka, ndi njira yogwirizana yoitanira maboti, kaya ndi nyali yowala kwambiri yothwanima pa malo okwera.

Msodzi_wa_Senga
Nyali ingaoneke ngati ili yofiira kapena yobiriwira, chifukwa zoyera zadzadza kale pa nyanja usiku wa usipa. Nkhaniyi ndikaitula pa msonkhano wa komiti ya pa dooko lathu, ndipo aphunzitsi a ku Chipoka, ndikupempha mundilembere mwachidule zoyenera kulowa m'kaundula uja kuti tikayambe ndi dzinja likubwerali.